Loweruka: chithunzi cha ku Chilobwe

Tulo takanika. Magetsi anapita cha m'ma 7 koloko ndipo mpaka pano sanabwere, ndiye ndikulemba pafoni, kandulo ili pambali. Chiperoni chakhala chikuwaza kuyambira m'mawa, moti kuno ku Zingwangwa phiri la Soche silinaoneke n'komwe, nkhungu yokhayokha.

Mayi aja amene anandisiyira chithunzi cha mwana wawo kuti ndichikonze anabwera kudzachitenga.

Papita masabata atatu chibweretsereni. Anabwera nawo ndi mayi wina wa Mvano amene amapemphera ndi akazi anga, atamva kuti ndimakonza zithunzi zakale pa laputopu. Si ntchito yanga yodyera ayi, ndimangochita madzulo ndikaweruka, ndipo munthu amangopereka yotsukitsira basi. Ndinayamba ndi alubamu ya malemu bambo anga, zithunzi za m'ma 1980 zimene zonse zinafiira. Zotero sizivuta. Pa mitundu itatu ya utoto imene ili m'pepala, wa cyan, wonga buluu wowala, umathawa msanga, ndiye chofiira chimatsala chikulamulira. Ukachiika pa scanner, makina olowetsera chithunzi mu kompyuta, n'kuchitsegula mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP, umangobwezera mtundu wothawawo, n'kupeza kuti suti imene unkaiyesa yofiirira inali yotuwa. Ming'alu ndi madontho a nguwi umatseka potapa pamalo abwino oyandikana napo. Zonsezi n'zotheka chifukwa munthuyo akadali m'pepalamo, wangobisika.

Cha mayiwa chinali china. Anachitulutsa m'kajumbo ka shuga, kajumboko kali m'kati mwa buku la nyimbo. Mnyamata waima pambali pa njinga yamoto ya kabaza, dzanja limodzi pa handulo, malaya a mizeremizere. Chipumi chilipo, diso lakumanja lilipo, khutu lilipo. Kuyambira pamphuno kutsika mpaka pachibwano, pepala loyera mbuu.

Ndi mwana wawo wachisamba. Anapita ndi matope aja a namondwe wa Freddy, kuchera Lolemba pa 13 Marichi 2023, madzi ndi miyala zitatsikira ku Chilobwe kuchokera m'phiri la Soche. Iwo amati napolo, satchula za Freddy. Anakamuyang'ana kumochale ku Gulupu masiku angapo, osamupeza. Ali m'gulu la anthu mazanamazana aja amene sanaoneke mpaka lero. Foni yake inapita naye limodzi, ya mkazi wake chimodzimodzi, ndipo mkaziyo ndiye anapezeka n'kuikidwa. Chithunzichi anachitola ndi anyamata amene ankakumba ndi makasu pamene panali nyumba.

Ndakhala nacho usiku wambiri. Ndinachijambula ndi scanner pa 1200 dpi, muyeso wa kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, kuwirikiza kawiri mmene ndimachitira nthawi zonse, poganiza kuti mwina pamalo oyerawo patsala kamthunzi kena koti n'kukakoka. Panalibe kanthu. Chimene ndinaona nditakulitsa ndi timizere tating'onoting'ono, tonse tolowera mbali imodzi, kuchoka pamphuno kupita kumanzere, ngati mmene tsache limasiyira pabwalo. Mizere ya ulusi wa nsalu. Chithunzi chotsukidwa chili ndi kachikopa kopyapyala ka gelatin pamwamba, ndipo maonekedwe onse amakhala mmenemo. Kakakhalitsa m'madzi kamafewa ngati phala. Pamenepo chofunika ndi kuchiviika pang'onopang'ono m'madzi oyera ozizira kuti matope achoke okha, n'kuchigoneka chagada pamthunzi, osakhudza pamwamba, osachiyanika padzuwa. Koma ndani akanaganiza zimenezo sabata imene ija? Munthu wapatsidwa nkhope ya mwana wake ili ndi matope, achita chiyani? Apukuta ndi chitenje.

Malaya, njinga, khoma la kumbuyo, zonse ndinakonza bwinobwino. Diso lakumanzere ndinatenga lakumanja lija n'kulitembenuza, ngakhale ndikudziwa kuti palibe munthu amene maso ake ndi ofanana ndendende. Pakamwa ndi pamene ndinaima masiku anayi. Kenako Lachitatu usiku ndinachita chimene ndimauza anzanga kuti asamachite: ndinachilowetsa mu pulogalamu ina ya pafoni, ya AI, yomwe imadzaza nkhope. Sipanathe ndi mphindi imodzi. Panatuluka mnyamata wosalala, mano oyera ondondozana bwino, khungu loyererako kuposa la pachipumi chenichenicho. Khungulo ndinalidetsa kuti lifanane. Mapulogalamu amenewa anaphunzira pa nkhope zambirimbiri za anthu ena, ndiye akapeza mpata amaikapo chimene chimakonda kukhala pamalo oterowo. Mwana wa mayiwa sanamuonepo. Zonsezi ndimazidziwa bwino. Komabe nditaona nkhope yathunthu ikundiyang'ana, mtima unati myaa, ndipo ndinakatsukitsa ziwiri ku Limbe: china chokonzedwa koma pakamwa pali potuwa chabe, china chodzazidwacho.

Anafika masana, awiri omwe aja, maambulera akudontha. Mpando anaukana, anakhala pamkeka. Akazi anga anabweretsa tiyi ndi mbatata, tinalonjerana, tinadandaula za kuziziraku. Ndiyeno ine ndinayamba kupereka chodzazidwacho. Apa ndi pamene pakundiwawa. Ndinkafuna ndione nkhope yawo ikuwala.

Analandira ndi manja awiri. Anachiyandikitsa, anachitalikitsa, anatembenukira kukhomo kumene kunali kuwala. Tiyi anazizira.

"Njingayi ndi yomweyo," anatero. "Malayawa ndinamugulira ndine pa kaunjika ku Limbe."

Anakhalanso chete. Kenako anandiyang'ana, mopanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Koma mwana wanga, mnyamatayu ndi wa kwa yani?"

Ndinayamba kufotokoza za kompyuta, kuti imangoyerekeza, kuti pepala linalibe poyambira. Sankamva zimenezo. Anaika chithunzicho pamwendo n'kuyamba kuloza pankhope pawo pomwe. "Wanga anali ndi mpata pamano apa. Akamaseka mlomo unkakwera mbali iyi, ngati malemu bambo ake. Apa pachibwano panali chipsera, anagwa mumtengo wa mapeyala ali Sitandade 3, ndinamubereka ndekha kupita naye kuchipatala." Chala chawo chinkayenda pang'onopang'ono, pamlomo, pachibwano, kubwereranso pamlomo. Ine ndi scanner yanga masabata atatu sindinapeze kalikonse, iwo nkhope yonse anali nayo.

Ndinatulutsa chinacho, chopanda pakamwa. Atangochiona anati, "Eya. Uyu ndiye." Diso limodzi ndi chipumi zinawakwanira.

Anzawo aja ndi amene anayambitsa zimene zandisowetsa tulozi. Anatola chodzazidwacho pamkeka n'kunena kuti, "Mayi, tengani ndithu. Kamtsikana kaja kakukula. Anzake akamati awa ndi bambo anga, iko kadzaloza chiyani? Chithunzi chopanda kamwa chidzakaopsa."

Kamtsikanako ndi mdzukulu wawo, mwana wa malemuyo. Usiku umenewo kanagona kwa agogo ake, ndi mmene kanapulumukira. Kanali ndi zaka ziwiri.

"Ndiye kaziloza mlendo?" anafunsa mayiwo.

"Si mlendo. Diso ndi lake, malaya ndi ake. Mwana sadziwa za mpata wa mano."

"Ine ndikudziwa."

"Inu simudzakhalapo mpaka kale, mayi."

Mawu amenewa anagwa pansi osatoledwa ndi munthu. Sanawanene mwankhanza, ndi anthu okondana, ndipo ndinaona kuti akhala akuyendera limodzi m'zovutazi kuyambira kumsasa. Koma ndi zoona zimene ananenazo, ndipo ndi chifukwa chomwecho ine ndikuopa. Mu alubamu ya bambo muli chithunzi cha munthu wovala chipewa ndi jekete lalikulu, tonse timati amalume a ku Joni, amene anapita kumigodi kudzera pa Wenela. Timatero chifukwa agogo anatiuza choncho. Agogo anapita, palibenso wina woti angatsutse kapena kuvomereza, ndipo ana anga adzauza ana awo zomwezo. Odziwa akatha, chithunzi chimatsala chokha chikulankhula. Zaka makumi awiri zikubwerazi mtsikana uja adzayang'ana pagalasi kufuna kamwa la bambo ake pa kamwa lake, ndipo adzakhala akufananiza ndi kamwa limene ndinatola ine Lachitatu usiku. Mwinanso iyeyo ali ndi mpata pamano. Sindinafunse.

Ali pafupi kunyamuka, mayiwo anasisita pamalo otuwa aja ndi chala, n'kufunsa mosayang'ana munthu:

"Chinadya nkhopeyi ndi matope eti, mwana wanga?"

Timizere tija tinabwera m'maso mwanga. Ndinati, "Eya mayi, ndi matope."

Anagwedeza mutu. Sindikudziwa ngati anakhulupirira, kapena ngati funsolo akhala nalo kuyambira tsiku limene anapukutalo, akuyembekeza wina woti awayankhe choncho. Bodza limeneli sindikulidandaula. Ndikanafunsidwanso mawa ndikanayankha chimodzimodzi. Chikundidabwitsa n'choti tsiku limodzi lomweli ndanena mabodza awiri kwa munthu mmodzi, lina ndi pakamwa, lina ndi pepala, ndipo limodzi lokha ndi limene likundiluma.

Anatenga zonse ziwiri. Chopanda pakamwa anachiika m'buku la nyimbo pamodzi ndi chakale chija. Chinacho anachikulunga m'kajumbo n'kupatsira anzawo kuti asunge m'chikwama. "Ichi ndikaona," anatero. Anamasula mfundo ya pachitenje kuti alipire, akazi anga anawagwira dzanja. Tinawaperekeza mpaka pamsewu.

Nditabwerera m'nyumba ndi pamene ndinakumbukira kuti sindinalembe kanthu kumbuyo kwake. Nthawi zonse ndikawonjezera chinthu chimene sichinali m'pepala, ngakhale batani la malaya, ndimalemba ndi pensulo kumbuyo kuti apa ndi apa ndakonza ndine, ndi chaka chake. Lero, pamene zinafunikira kuposa masiku onse, pensulo inali pathebulo pomwepo.

Madzulo onse ndinali wolusa popanda wondilakwira. Ana anafunsa za homuweki ndinawayankha mwachidule, nsima ndinangoigwiragwira. Akazi anga anati, "Inu mwachita mbali yanu, wosankha ndi mwini mwana. Kodi mukufuna muwalande?" Sindikufuna kuwalanda. Ndipo mwina anzawo aja akulondola, mwina mwana wamasiye amafunika nkhope yathunthu yoti aziiuza za kusukulu, ngakhale ikhale yobwereka. Ine bambo anga ndinawadziwa mpaka ndili ndi ndevu, ndinganene chiyani za njala ya mwana amene sakumbukira ngakhale mawu awo? Koma ndikatseka maso ndikuona chala chija chikuyenda pachibwano.

Mvula ikamagwa chonchi usiku, ngakhale ya chiperoni yopanda mphamvuyi, ndimaganiza za anthu okhala m'munsi mwa phirilo, kuti amagona bwanji. Ifenso kuno sabata ija tinkangomva kulira kwa ma ambulansi, madzi atasiya kutuluka m'mipopi, magetsi kulibe masiku angapo.

Pali zimene ndaganiza. Mnyamata wa kabaza sakhala wopanda chithunzi m'mafoni a anzake. Pa siteji amajambulana, amatumizirana pa WhatsApp, wina amaika pa Facebook tsiku limene wagula njinga. Ngati analembetsa chiphaso cha unzika, monga tinachitira tonse mu 2017, nkhope yake inajambulidwanso kumeneko. Ngakhale kachithunzi kosaoneka bwino, kotengedwa patali, kangandipatse mpata wa mano uja ndi mbali imene mlomo unkakwera, ndipo pamenepo ndingakonze ndi dzanja langa, pang'onopang'ono, mayiwo atakhala pambali n'kumandiuza kuti ayi, tsitsa pang'ono. Zikanayenera kuyamba choncho masabata atatu apitawo. Sindinawafunse n'komwe kuti mwana wawo ankaoneka bwanji. Ndinafunsa pepala, kenako ndinafunsa foni.

Siteji yake sindikuidziwa. Akazi anga akuti akafunsa mayi a Mvano aja mawa tikatuluka m'tchalitchi. Kaya anyamatawo akadali pomwepo, kaya angalole kulankhula ndi munthu wachilendo wofunsa za mnzawo amene anapita, kaya mayiwo akufuna n'komwe kuti nkhaniyi iutsidwenso. Mwina pofika mawa chodzazidwa chija chikhala chili kale pakhoma, kamtsikana katachiona.

Batire yatsala 6 peresenti. Padenga pakadali kudontha.