Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Ana a Chigiriki ndi mlimi wa nkhuku

Gawo lapita lija tinalekezera pa kubwerera kwanga kuno ku Mulanje. Lino ndalipereka kwa buku limodzi limene ndinawerenga m'nyengo ya chiperoni, poti mpaka lero mtima sunakhale pansi nalo. Bukulo ndi The Secret History la Donna Tartt, lotuluka mu 1992. Ambiri amalitenga ngati kholo la mabuku amene akutchedwa dark academia, dzina limene linafala pa Tumblr ndi TikTok makamaka mu 2020, sukulu zitatsekedwa kaamba ka Covid-19. Zofunika kuti ndiwo zamtunduwu zipse n'zodziwika: sukulu yapamwamba, kagulu ka ophunzira odzipatula, mphunzitsi amene ana amachita kumupembedza, Chigiriki chakale ndi Chilatini, kenako mtembo.

M'nkhani zambiri zaupandu, wowerenga amasakasaka wakupha mpaka tsamba lomaliza. Muno ayi. Tsamba loyamba lomwe likuuziratu kuti Bunny, mmodzi wa ophunzira a m'nkhaniyi, anafa ndipo anamupha ndi anzake. Funso lotsala ndi loti zinafika bwanji pamenepo. Wolemba akaulula chotere ayenera kukhala ndi chingwe china chokukokera masamba oposa 500, ndipo chingwe cha Tartt ndi ndalama.

Wofotokoza nkhani, Richard Papen, ndi mwana wa bambo wogulitsa mafuta a galimoto ku California. Wafika ku Hampden, koleji yopeka ya ku Vermont, mochita kuthandizidwa fizi, ndipo akunamizira kuti kwawo n'kolemera. Mphunzitsi wa Chigiriki, Julian Morrow, ali ndi ophunzira asanu okha. Richard akulowa wachisanu ndi chimodzi, pa lamulo loti asiye pafupifupi maphunziro ena onse. Pakutero wadula njira zake zonse zothawira, ndipo mtembo ukadzabwera alibe mnzake wina womuuza. Amene munagonako kusukulu yogonera komweko mukudziwa manyazi ake: mnzako akutsegula thiranki yodzaza Sobo, majarini ndi mkaka wa m'chitini, iwe m'mwako muli chimanga chokazinga ndi mtedza, ndiye umatsegula chivundikiro pang'ono pokha. Richard amakhala moyo wotsegula thiranki pang'ono.

Pamene bukuli linandigwira zenizeni ndi pa tchuthi cha nyengo yozizira. Anzake amwazikana, Henry ndi Bunny apita ku Rome. Richard, poopa kupempha, akugona m'chinyumba chopanda moto, denga lobooka, chipale chofewa chikugwera mkati, mpaka Henry kudzamupeza ali pafupi kufa ndi kumutengera kuchipatala. Kuwerenga zimenezi chiperoni chikuwaza pa malata, phiri osaoneka masiku atatu, kuzizira kwake umakumva m'mafupa. Ndinene pano kuti chinyezi cha June ndi July chimatupitsa buku lokhuthala chotere: osalitsamiritsa kukhoma, ndipo dzuwa likatuluka liyanikeni chotsegula lisanachite chuku.

Za Chigiriki sizinandidabwitse. Kamuzu Academy ya ku Mtunthama ku Kasungu inatsegulidwa mu 1981 ikuphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki, choncho Mmalawi amadziwa kale kuti chilankhulo chimene palibe akuchiyankhula pamsika chimatha kukhala chizindikiro cha osankhika.

Imfa m'bukuli ndi zolumikizana ngati unyolo. Anayi mwa ophunzirawo, Henry, Francis ndi mapasa Charles ndi Camilla, akuyesa mwambo wakale wa mulungu wachigiriki Dionysus, wosala kudya ndi kudziledzeretsa mpaka mutu kuchoka. Usiku umenewo kuthengo akupha mlimi. Bunny sanali nawo, koma ali ku Rome akuwerenga kabuku kachinsinsi ka Henry. Kupolisi sakupita. Akungowadyera ndalama, kugula zovala ndi zakudya pa thumba lawo, uku akuwalasa ndi mawu pagulu. Henry akuganiza zomudyetsa bowa wakupha, iyenso n'kudyako pang'ono kuti asakayikiridwe, koma muyezo ukukanika: poizoni wa bowa sadziwika kuchuluka kwake pongoyang'ana. Mapeto ake akumukankhira kuphompho, kuti zioneke ngati waterereka.

Chimene chikuwalakwikira ndi nyengo. Ankayembekeza kuti mtembo upezeka mawa lake, anthu n'kunena kuti ngozi. Chipale chikugwa mosayembekezeka n'kuukwirira masiku 10, ndipo kusowa kwa mwana wa koleji kukuitana apolisi, a FBI (ofufuza milandu a boma la America) ndi anthu a m'tauni yonse. Ife a m'tsinde mwa phiri sitifunika kufotokozeredwa. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo nkhungu ikatsika munthu suona dzanja lako. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil anasowa kumeneko, thupi lake kudzapezeka patapita masabata.

Theka lachiwiri ndi limene linandifooketsa. Bunny akangogwa, chingwe chija chimakhwepa. Kumatsala mowa, mapiritsi, kusowa tulo ndi maliro a ku Connecticut amene akutalika ngati maliro a mfumu. Ndikumvetsa kuti wolemba akufuna tione chikumbumtima chikuwadya pang'onopang'ono, koma masamba ena ungathe kuwadumpha osataya kanthu. Camilla, mtsikana yekhayo m'gululo, timangomuona m'maso mwa mnyamata womusirira, ndipo mpaka buku kutha sindinadziwe chimene iye mwini amafuna. Julian yekha ndiye anamumaliza bwino: choona chitamufika m'manja, bamboyo amene ankalalikira za kukongola ndi kulimba mtima angonyamuka mwakachetechete.

Koma chondivuta chenicheni ndi mlimi uja. Anali woweta nkhuku, ali m'dera la kwawo, sanaputa aliyense. Kwa ana a Chigirikiwo imfa yake ndi vuto lofunika kulibisa basi, ndipo amadzilimbitsa mtima poti wafayo sanali munthu wodziwika. Ineyo ndinawerenga masamba mazanamazana ndili mbali yawo, ndikupsa mtima ndi Bunny, ndikufuna wina amutseke pakamwa. Pamenepo wolemba anandikola, ndipo ndikuvomera kuti anachita dala, luso lake lagona pomwepo. Komabe ndikasuzumira pazenera n'kuona amayi akuthyola tiyi m'mvula, madengu kumsana, mapepala apulasitiki atakulunga m'chiuno, ndimadziwa kuti m'nkhani imeneyi anthu akwathu sakanakhala m'kalasi ya Julian. Akanakhala uja wopezeka kuthengo m'mawa. Bukuli limadzudzula ana olemerawo, inde, koma limawapatsanso zovala zokongola, nthabwala zonse ndi masamba onse. Banja la Bunny timalidziwa mpaka azichimwene ake. Za mlimi timangomva m'timizere ta nyuzipepala. Dzina lake lilimo ndithu, koma ndinachita kubwerera m'mbuyo kukalifunafuna, pamene mayina a asanu ndi mmodzi aja ndingawatchule ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku.