Kutseka mitu ya pyro m'tchalitchi chakale cha ku England

Kuno ku Britain amisiri a magetsi ambiri achinyamata akumaliza maphunziro asanaigwirepo pyro, nthambo ya magetsi ya kopa yopirira moto, ndi manja awo. Pa alamu ya moto masiku ano anthu akuthamangira nthambo zofewa monga FP200, zongosenda ndi mpeni basi. Koma m'matchalitchi akale, m'mafakitale ndi m'nyumba zina za boma, pyro idakali mbwee m'makoma, ndipo amene akugwira ntchito ya magetsi kuno adzakumana nayo ndithu. Ine ndinakumana nayo m'tchalitchi china cha miyala kumpoto kwa England, komwe ankafuna nyali zowonjezera pafupi ndi guwa. Oyang'anira nyumbayo ananeneratu kuti pulasitiki pa khoma lawo ayi, akufuna nthambo yofanana ndi imene inalipo kale. Ndikulemba mmene ntchitoyi inayendera kuti mnzanga amene apatsidwe yotereyi asaiyambe ndi mantha.

Nthamboyi ndi paipi yopyapyala ya kopa, mkati mwake muli mawaya a kopa osavala kanthu, ndipo pakati pa mawayawo ndi paipiyo anatsenderamo ufa woyera wa magnesium oxide. Mulibe labala, mulibe pulasitiki, choncho mulibe choyaka. Kopa amasungunuka pa madigiri 1,083, ufawo umapirira mpaka cha m'ma 2,800. N'chifukwa chake m'mapepala amailemba kuti MICC, chidule cha mineral insulated copper clad, koma pa ntchito aliyense amangoti pyro, kutengera dzina la kampani ya Pyrotenax imene inayamba kuipanga ku Hebburn, m'mbali mwa mtsinje wa Tyne, m'zaka za m'ma 1930. Mutha kuiponda, kuimenya ndi hamala mpaka kuphwatalala, mawaya a mkati osakhudzana, chifukwa ufa uja umaphwatalala nawo limodzi. Mdani wake ndi chinyezi. Ufawo umakoka madzi a mumpweya monga umachitira mchere wosiyidwa pa mbale nthawi ya dzinja kwathu kuja. Ndiye luso lonse la pyro lagona pa kumapeto kwake, pa kachigawo kosakwana chala, pamene timatsekera kuti mpweya usalowe.

Ndisanakhudze chilichonse ndinazimitsa dera (circuit) la nyalizo pa bolodi, n'kukhoma loko wanga pa breaker, swichi yodulira magetsi a deralo, kiyi m'thumba. Choyezera magetsi ndinachiyesa kaye pa proving unit, kachipangizo kotsimikizira kuti choyezeracho chikugwira ntchito, kenako pa mawaya, kenako pa proving unit kachiwiri. M'nyumba zakale izi musamakhulupirire zolembedwa pa bolodi, anthu ambiri anadutsamo inu musanabwere.

Nthambo imene inali pa khomapo inali 2L1.5, kutanthauza mawaya 2, ya mtundu wopepuka wa mavoti 500, waya aliyense wa 1.5 mm². Yolemera imalembedwa ndi H ndipo ndi ya mavoti 750. Nambala imeneyi ndi yofunika pogula zipangizo, chifukwa kapoto kotsekera mutu wa nthambo ndi gland yoimangira ku bokosi zimapangidwa molingana ndi kunenepa kwa nthambo, ndipo za saizi ina sizigwira ngakhale muzikakamize. Pa mutu umodzi pamafunika gland ya zidutswa zitatu, nati, kamphete kotchedwa olive ndi thunthu lake. Kapoto ka brass. Phala lotsekera lomwe timati compound. Kachivindikiro ka pulasitiki kokhala ndi mabowo a mawaya. Ndi timapaipi tovekera mawayawo. Nthambo ikakhala yokutidwa ndi pulasitiki wofiira kapena wa olenji pamawonjezeka shroud, chophimba gland, ndipo imalowa poyambirira. Yanga inali ya kopa wosakutidwa, amene amada pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi mwala wa khoma.

Ndinayeza utali, n'kudula ndi sowo ya mano ang'onoang'ono. Mbali yotsala pa mkombero ndinaimata nthawi yomweyo ndi compound n'kukulunga tepi, chimodzimodzinso mutu wachiwiri wa chidutswa changa. Kenako ndinalowetsa nati, olive ndi thunthu la gland, motsatana choncho, n'kuzikankhira kumbuyo. Izi zilowe kapoto kasanamangidwe. Pali ma gland ena amene amalola kulowa pambuyo, koma chizolowezi chabwino n'kuyamba nazo.

Posenda pali njira ziwiri. Madala ena amene anayamba ntchitoyi kalekale amasenda ndi side cutter, pulayala yodulira mawaya, yokha: amang'amba pang'ono kumapeto, n'kumapota kopayo mozungulira pulayala, akutsika naye pang'onopang'ono. Ndi zokoma kuonerera, koma ine ndimagwiritsa ntchito rotary stripper, kachida kokhala ndi mabowo a masaizi osiyanasiyana ndi kampeni mkati. Ndinalowetsa nthambo pa bowo lake, n'kuyamba kuzungulitsa ndikukankha pang'ono. Kopa amatuluka ngati kalamba kopotana, ndipo ufa umayoyokera pansi. Kalambako kakatalika muzikadula kapena kukakulunga, kakapanda kutero kamakola mawaya n'kuwapinda. Nditafika pa chizindikiro changa cha polekezera kusenda ndinagwira nthamboyo ndi pulayala pomwepo, chida chija chinagunda pulayalayo, ndipo nditazunguliranso kopa anaduka bwinobwino mozungulira.

Apa ndi pamene ndimachedwapo dala. Ndinayatsa tochi n'kuyang'ana mlomo wa paipiyo. Uyenera kukhala wowongoka, wopanda kamano kopindikira mkati, chifukwa kamano kamodzi kokha ka kopa kakayandikira waya, mita idzakukanirani. Ndinaweramitsa nthambo n'kuigogoda ndi chala kuti ufa womasuka ugwe, kenako mawaya ndinawapukuta ndi kansalu kouma, koyera, mpaka kopa kuwala. Musauzire ndi pakamwa. Pakamwa pamafuna kutero, koma mpweya wa munthu ndi wonyowa, ndipo mukuuzira chinyezi pa ufa womwe mukufuna kuuteteza. Manjanso akhale ouma, osati othimbirira ndi thukuta kapena girisi.

Kapoto kamadzidulira kokha mazinga pa kopa pamene mukukapota. Ndinakayambitsa ndi zala, ndikuonetsetsa kuti kakhala mowongoka, chifukwa kakayamba mopendama kamathera mopendama. Kenako ndinatenga pot wrench, imene imagwira kapotoko pamodzi ndi thunthu la gland kuti zonse ziyende mzere umodzi, n'kupota mpaka mlomo wa paipi unafika pa phewa la mkati mwa kapoto. Sindibwerera nako m'mbuyo, kubwerera kumamasula mazinga aja. Tochi kachiwiri. Mkatimo munali kaulusi ka brass kopyapyala ngati tsitsi, kopotana pansi pa waya mmodzi, kotuluka pamene mazinga ankadulidwa. Ndinakachotsa ndi kansonga ka waya wouma, n'kugogodanso. Kaulusi kotere ndi kamene kamagwetsa mitu yambiri ya pyro, ndipo mukakatsekera mkati ndi compound simudzakaonanso, mudzangoona nambala yoipa pa mita.

Ndisanathire compound ndinayeza kaye ndi Megger, mita yoonera ngati magetsi akudontha pakati pa zitsulo zosayenera kukhudzana, pa mavoti 500 a DC: waya ndi waya mnzake, kenako waya aliyense ndi paipi ya kopa. Anzanga ena amadumpha pamenepa kuti ayeze zonse pamapeto. Ine ndimakana, chifukwa mukayeza pamapeto pokha n'kupeza vuto, simudziwa kuti lili mutu uti mwa iwiriyo, ndipo mumadula yonse.

Mita inaonetsa ma megohm, muyeso wa mmene ufa uja ukutchingira magetsi, ochepa kwambiri, nambala ikukwera mwaulesi. Sinali ziro, ndiye sikunali kukhudzana kwa zitsulo. Kukhudzana kumagwetsa mita pansi nthawi yomweyo, pomwe chinyezi chimapereka nambala yapakatikati yosakhazikika. Mkombero uja unabwera kuchokera kogula uli ndi mutu wosamata, ndipo sindikudziwa kuti unakhala nthawi yaitali bwanji choncho m'nyumba yosungiramo katundu. Mwayi wake ngwakuti ufawo ndi wotsenderedwa kwambiri, chinyezi sichilowa patali. Njira yachidule ndi kudula kachigawo n'kuyambiranso, ngati utali ukulola. Kwa ine utali sunalole kudula kachigawo kakakulu, choncho ndinaumitsa. Ndinachotsa kapoto, n'kutenga heat gun, chida chouzira mpweya wotentha, chifukwa lawi la moto m'tchalitchi chodzaza matabwa akale silololedwa popanda chilolezo chapadera. Kutenthetsa kumayambira mkati mwa nthambo, kutali ndi mutu, n'kumasendera kumapeto, kuti nthunzi ithawire kunja. Mukayambira kumapeto mukuthamangitsira madziwo mkati. Ndinabwereza mpaka kopa anasintha mtundu pang'ono, n'kudikira kuti izizire, chifukwa nthambo yotentha imapereka nambala yonama. Nditadula pang'ono pamene panali mazinga akale, kusendanso ndi kumanga kapoto katsopano, mita inakwera mpaka kumapeto kwa sikelo yake.

Compound amalowa kuchokera mbali imodzi yokha. Ndinatsina kachidutswa, n'kukankha ndi chala chachikulu kudzera pa pepala lomwe anakulungiramo, kuti khungu langa lisamukhudze, mpaka anayamba kutulukira mbali inayo ya mawaya. Mukathira mbali zonse ziwiri mumatsekera mpweya pakati, ndipo kamphako ka mpweya kameneko ndi komwe chinyezi chimadzakhala. Ndinadzaza mpaka kupanga kachulu pamwamba. Kenako kachivindikiro kanalowa m'mawaya, ndinakatsitsa mpaka pa kapoto, n'kukokako mawayawo pang'ono ndi pulayala kuti akhale owongoka, asapingasane mkati. Crimping tool imakanikiza kachivindikiroko n'kutsina mlomo wa kapoto kuti kagwire. Ndinapota pang'onopang'ono, ndikupumira, compound wotsala akutulukira m'mabowo. Kutuluka kwakeko ndi umboni woti mkati mwadzaza. Ndinapukuta, kuveka timapaipi m'mawaya, n'kuyezanso. Nambala sinasinthe.

Mutu wachiwiri unayenda chimodzimodzi, popanda kuumitsa. Pakati pa mitu iwiriyi panali kukhoma nthambo pa khoma ndi tizomangira ta kopa, ndikutsata mizere ya pakati pa miyala kuti ndisaboole mwala weniweniwo. Pokhota sindinapinde mothina kuposa kunenepa kwa nthambo kuchulukitsa ka 6, ndipo pafupi ndi bokosi lililonse ndinasiya kautali kapadera kuti wodzabwera m'tsogolo adzapeze podula. Kopa akapindidwapindidwa malo amodzi amauma n'kuyamba kuvuta, choncho ganizani kaye musanapinde.

Mawaya a pyro alibe mitundu, onse ndi kopa yemweyo, ndipo mkati mwa nthambo simungawatsate ndi maso. Kuti ndidziwe uti ndi uti ndinalumikiza waya mmodzi ku paipi ya kopa mbali imodzi, n'kupita mbali inayo ndi mita ya continuity, imene imalira njira ya magetsi ikakhala yolumikizana, kukapeza amene akulira. Ameneyo ndinamuika chizindikiro cha bulauni mbali zonse, winayo cha buluu. Mawaya akale a m'tchalitchimo anali ndi zofiira ndi zakuda, mitundu imene Britain inkagwiritsa ntchito isanasinthe mu 2004, ndiye polumikiza m'bokosi ndinaonetsetsa kuti bulauni wapita kwa wofiira, buluu kwa wakuda.

Paipi ya kopa ija ndi imenenso imagwira ntchito ya waya wa earth, wothawitsira magetsi pansi pakachitika vuto, ndipo njira yake imadutsa pa olive ndi gland kukafika ku bokosi. Choncho kumanga nati ya gland si nkhani yokongoletsa. Ndinamanga ndi sipanala mpaka olive analuma kopa, ndipo pa bowo la bokosi lachitsulo ndinapala penti kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo, n'kumanga lokonati mkati. Bokosi likakhala la pulasitiki, kapena mukakayika za kulumikizana kwake, gulani timapoto tokhala ndi waya wa earth womatiriridwa kale, timene timatchedwa earth tail pot.

Tsopano kuyeza dera lonse. Ndinayamba ndi continuity, nditachotsa kaye resistance ya zingwe za mita, kuyeza R1+R2, kutanthauza resistance ya waya wa magetsi ndi ya njira ya earth pamodzi, mpaka pa nyali yomaliza. Pa insulation resistance, kuyeza kuja kwa Megger, ndinamasula nyali zonse za LED ndi dimmer, swichi yochepetsera kuwala, chifukwa mavoti 500 amaziwononga. Malamulo a BS 7671, oyendetsera ntchito ya mawaya a magetsi kuno ku Britain, amalola 1 megohm ngati malire otsikitsitsa pa dera lotere, koma pa mutu wa pyro umene mwangomanga kumene nambala imeneyo isakusangalatseni. Mutu wabwino umawerenga ma megohm mazanamazana, ndipo ukangopitirira malirewo pang'ono ndiye kuti china chake chalowa, mawa udzatsikanso. Mukamaliza kuyeza musiye mita ikhetse magetsi amene nthambo yasunga musanagwire mawaya, pyro yaitali imaluma ndithu.

Chinyezi chotsekeredwa mu kapoto sichionekera nthawi yomweyo, n'chifukwa chake opanga nthamboyi amalangiza kuyezanso patapita maola 24. Ndinasiya dera lija lili lokhoma ndi loko wanga usiku wonse, nditauza woyang'anira tchalitchi chifukwa chake, ndipo anavomera popeza kunalibe mapemphero tsikulo. M'mawa mwake mita inawerenga monga dzulo lake, waya ndi waya, waya ndi paipi. Ndinalumikiza nyali, kuchotsa loko, kuyatsa, n'kutsiriza ndi polarity (kuona kuti mawaya sanasinthane), Zs (muyeso wa njira yonse imene magetsi amadutsa pakachitika vuto) pa nyali yakutali ndi kuyesa RCD, swichi yodzizimitsa yokha magetsi akadontha. Manambala onse ndinawalemba pa Minor Works Certificate, chikalata cha ntchito zing'onozing'ono za magetsi, ndipo pa malo a ndemanga ndinaonjezapo saizi ya nthambo ndi ya gland, kuti mmisiri wodzabwera pambuyo panga adzadziwiretu zoti agule asanakwere makwerero.