Tsiku limene azakhali anachiritsa Peugeot

Galimoto yanga ndi Peugeot 404 ya pikapu, ya giya yapachiwongolero, imene ndinalowa chokolo malume atatisiya. Mtundu umenewu unayamba kutuluka mu 1960 ndipo ku Kenya anapitiriza kuulumikiza mpaka 1991, choncho wina akandinena kuti ndimayendera chiphakasa ndimangomuyang'ana. Zofooka ili nazo, sindikana. Chitseko cha pasenjala chimatseguka pokhapokha munthu ali kunja, ndipo geji ya petulo inafa malume adakali moyo, moti timayeza mafuta poviika kandodo kansungwi m'thanki. Koma injini yake ya 1,618 cc ndimaidziwa mpaka katsokomoledwe kake.

Mwana wa mchemwali wanga anapeza mbeta ku Limbuli, kufupi ndi malire a Muloza, ndipo ine monga malume wake ndinali nkhoswe yaikulu komanso dalaivala. Inali nyengo ija petulo ankasowa. Ndinagona pamzere mpaka ndinathira fulu thanki, chinthu chimene galimotoyo inali isanalawepo chilowereni m'manja mwanga. Lachisanu madzulo alamu anga, bambo ake a mnyamatayo, anadzipereka kuitsuka. Anaitsuka mwachikondi, mpaka kupukuta ndi malo amene ine sindinkadziwa kuti amapukutidwa.

Loweruka m'mawa tinanyamuka pa Luchenza. Kutsogolo ndinakhala ndi azakhali ake a mnyamata, mayi wotsogolera kwaya kutchalitchi kwawo, amene mawu awo amamveka kutsidya kwa mtsinje popanda chimkuzamawu. Kumbuyo kunali alamu, mwini chinkhoswe ali mu suti yobwereka, amayi angapo, makireti a zakumwa, sutikesi ya mkwatibwi ndi tambala womangidwa miyendo.

Titangowoloka mlatho wa Thuchila, injini inayamba kujejema. Ndinaponda mafuta, iyo inatsokomola, kenaka zii.

"Alamu, petulo alimo koma?" anafunsa alamu akudumpha. Anatsegula thanki, kuviika kandodo, n'kukakweza m'mwamba kuti mtundu wonse uone. "Wodzaza mpaka pakhosi!"

Ine ndinali nditatsegula kale boneti. Galimoto yakale ikazima, mlandu umakhala wa awiri: moto kapena mafuta. Ndinazula chingwe cha pulagi, kuchiyandikiza pachitsulo, mnyamata wasuti n'kupotokola kiyi. Moto unalipo, wabuluu bwinobwino. Ndikuganiza zoti ndione chiyani china, azakhali anatsika, kuika dzanja pa madigadi, n'kuyambitsa nyimbo. Amayi akumbuyo anapolokezana nawo. Nyimbo itatha anati, "Tayesani tsopano, bambo."

Sitata inazungulira pang'ono, galimoto n'kulira ngati palibe chinachitika.

Sindinayankhule. Azakhali nawo sanayankhule, koma anakonza duku lawo mwa njira ina yake.

Tisanafike pa Chonde inazimanso. Apa ndinayamba kuganiza ngati munthu wodziwa. Galimoto imene imazima ikatentha n'kudzuka ikapuma, kawirikawiri imakhala koyilo kapena kondensa yotopa, tizipangizo tothandiza kupanga moto wa mapulagi, apo ayi petulo wawira m'paipi pafupi ndi injini mpaka pampu ikungopopa nthunzi. Ndinanyowetsa kansanza ndi madzi akumwa a mkwati n'kukakulunga pa pampu. Ndinatsegula distribyuta, kupala mapointi, kuyeza mpata wake ndi kachikuto ka bokosi la machesi, poti umafunika pafupifupi 0.4 mm ndipo choyezera chenicheni chinabwerekedwa kalekale osabwerera. Uku alamu anatsegulanso thanki n'kulengeza kuti petulo alimo. Uku azakhali anayambitsa nyimbo ina, yaitali kuposa yoyamba.

Inalira.

"Ndi kansanza kaja," ndinatero.

"Eya, bambo, kansanza," anavomera azakhali ndi mawu amene munthu amavomerera mwana.

Choipa n'chakuti umboni unkakomera iwowo. Nthawi iliyonse tikanyamuka, galimoto inkayenda mtunda wautaliko kusiyana ndi poyamba isanazime, ndipo azakhali ankati n'chifukwa choti chikhulupiriro chikukula m'galimoto muno, kupatula cha munthu m'modzi amene sanafune kumutchula dzina.

Phiri la Mulanje litayamba kutiyandikira, cha kufupi ndi Chitakale, inafanso. Ulendo uno ndinaletsa nyimbo. Ndinati aliyense akhale chete, ndikufuna ndione ndi maso anga. Pampu ya galimoto zimenezi si yamagetsi ayi, imakankhidwa ndi injini yomwe, ndipo m'kati mwake muli kachikopa kamene kamakoka petulo kuchokera kumbuyo kukamuthira m'kabakuli ka kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Kachikopako kakauma kapena kung'ambika, basi. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982, ndipo labala wakale sagwirizana naye kwenikweni, choncho ndinkakakayikira ndithu. Koma ndisanamasule pampu ndinafuna kudziwa ngati mafuta akufika n'komwe. Ndinazula paipi yochokera kuthanki, kuipukuta ndi malaya, kuiika pakamwa n'kukoka.

Palibe.

Ndinakokanso mpaka masaya kugundana m'kati. Paipi inali ngati ikundikoka ineyo. Ndinapuma, kudzaza chifuwa, kutseka maso, n'kukoka ndi mphamvu zonse za nkhoswe yochedwa. Ndi nthawi yomweyo imene alamu, amene sanamve kuti lamulo lokhala chete likukhudzanso manja, anatsegula thanki kuti ayeze.

Abale anga, petulo sakoma. Anabwera yense nthawi imodzi, mkamwa, m'mphuno, wina kutsikira kumene nsima imapita, wotsala n'kutsikira pa tayi. Ndinagwada m'mbali mwa msewu ndikulavula, misozi ili chuchuchu, anyamata a kabaza ataima kuonerera. Alamu anatulukira kumbuyo ndi kandodo kawo.

"Alimo, alamu."

"Ndamuona," ndinatero.

Pa Chitakale tinapeza kamnyamata kovala ovolosi yoyera kuposa malaya anga. Kanazungulira galimoto n'kufunsa poti kalumikize kompyuta yake. Nditakauza kuti kompyuta ya galimoto iyi ndine, kanandigulitsa kondensa yatsopano ndi botolo la mkaka loti ndichotsere petulo m'mimba. Kondensayo tinaika. Mkakawo ndinamwa. Zonse ziwiri sizinathandize.

Tinadutsa pa boma, kulowa m'minda ya tiyi, chiperoni chikutsika m'phiri, ndipo galimoto inazima pakamtunda kena pamene panalibe nyumba ngakhale imodzi. Foni ya mnyamata inkangolira, akuchikazi akufunsa ngati tasintha maganizo. Azakhali anali atayamba kale kutsokomola mokonza kukhosi pamene panatulukira madala ena panjinga, atavala jekete lakale ndi magambutsi. Anatsika okha osaitanidwa, kuyang'ana galimoto kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kumwetulira.

"Four-o-four," anatero. "Bwana wathu wa ku esiteti anali nayo. Ndaigwira zaka zambiri imeneyi. Yatani, mwana wanga?"

Ndinawafotokozera zonse, mapointi, koyilo, kansanza, kondensa. Ankangogwedeza mutu uku atatalikirako pang'ono chifukwa cha mpweya wanga. Kenaka alamu, mwa chizolowezi chawo, anapita kukatsegula thanki.

Psiiii.

Madala anatembenuka. "Imani pomwepo, achimwene. Imachita chonchi nthawi zonse mukatsegula?"

"Eee, agogo. Ndi mphamvu ya petulo. Ndi fulu thanki imeneyi."

Madala analandira chitsekerero chija, kuchitembenuza, kuchipala ndi chikhadabo, kuchinunkhiza. Anandiitana. Pakati pake pali kabowo kakang'ono kamene ndakhala ndikukaona zaka zonsezi osakaganizira. Tsiku limenelo kanali katamatidwa bwinobwino ndi sopo wobiriwira wochapira, wosalazidwa ndi chala cha munthu wosamala ntchito.

"Thanki imapuma, mwana wanga," anatero madala. "Pampu ikamakoka petulo, mpweya uyenera kulowa kudzatenga malo ake, ndipo pa galimoto yako umalowera apa. Ukatseka, pampu imakoka mpaka kulephera, kabuleta imauma, injini n'kuzima. Mukatsegula kuti muyeze, yapuma, mwayambanso ulendo. Thanki ikakhala yodzaza ndiye imafulumira kubanika, poti mpweya m'katimo ndi wochepa. Mafuta akamatsika, imapirira kanthawi."

Tonse tinatembenukira kwa alamu. Iwo sanachite manyazi ngakhale pang'ono.

"Alamu, inu munagona pamzere chifukwa cha petulo ameneyu. Ine ndikutsuka ndapeza bowo, fungo likutuluka. Fungo limenelo si ndalama? Thanki ikadontha anthu samata ndi sopo?"

"Amamata pansi, achimwene," anatero madala. "Osati pamphuno."

Panafunika kachitsulo kosongoka. M'bokosi langa la masipanala munalibe chaching'ono chotero. Azakhali anazula pini pa duku lawo n'kuipereka mwaulemu ndi manja awiri. Madala anatokosa, kuuzira, kutseka thanki, ndipo galimoto inalira n'kutifikitsa ku Limbuli osatsokomolanso. Njira yonse azakhali ankafotokozera amayi akumbuyo kudzera pawindo kuti madala aja anachita kutumizidwa, ndipo chida chimene chinagwira ntchito aliyense anachiona kumene chinachokera.

Tinafika dzuwa litapendeka. Akuchikazi anatilipiritsa chindapusa cha kuchedwa, chimene ndinapereka ine poti alamu anati ndalama zawo zili m'thalauza lina. Kenaka inafika nthawi yoti ankhoswe tipatsane moni ndi kusinthana nkhuku. Ndinayandikira malume ake a mtsikana nditanyamula tambala, kuwerama mwaulemu, kutsegula pakamwa kuti ndinene mawu amene ndinakonzekera sabata yonse. Mkaka uja ndi petulo uja anali atagwirizana m'mimba, ndipo anasankha nthawi imeneyo kuti atuluke limodzi. Ndinageya.

Bambowo anabwerera m'mbuyo. Anayang'ana mkazi wawo, mkazi wawo anayang'ana abusa. Ndinamva mayi wina akunong'ona kuti kachasu wa ku Luchenza wafika poipa masiku ano, akuthiramo za m'galimoto. Mkulu wina amene anali pafupi ndi ine anazimitsa fodya wake pansi n'kupondapo kawiri.

Mwambo unayenda, nkhuku tinasinthana, ana analonjezana. Pa perekaniperekani woyendetsa mwambo anapempha kuti amalume a kuchimuna aponye ndalama zawo ali chakutali, ndipo chakudya anandipatsira pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi kumene amayi ankaphikira. Alamu anabwera ndi mbale yawo kudzakhala nane. Anadya mwakachetechete, kenaka anafunsa ngati pobwerera ndingawalole kuyeza thanki, aone kuti sopo uja anapulumutsa malita angati.