Kuwerenga mapale a pabwinja

Phale lopezeka pamwamba pa nthaka kawirikawiri silikhala pamene linagwera. Khasu limatembenuza dothi chaka ndi chaka popanga mizere, chiswe chimakweza dothi lapansi, ndipo mvula imakokololera tizidutswa topepuka kumunsi. N'chifukwa chake pabwinja limodzi phale la Nkope, la alimi osula zitsulo amene anali kale kumwera kwa nyanja ya Malawi cha m'ma 300 AD, limatha kugona pamodzi ndi la mphika umene unasweka agogo athu ali ana. Pamenepa ndi pamene ambiri oyamba kumene ntchito yofufuza zakale amasokonezeka.

Nthawi yabwino yoyendera malo ndi Okutobala kapena Novembala, tchire litapsa, mvula yoyamba itatsuka fumbi koma udzu usanamere. Anthu amayenda mondondozana m'mizere yotalikirana mamita 5 kapena 10. Pamene mapale achuluka amagawa malowo m'mabokosi a mamita 5 mbali zonse, bokosi lililonse ndi thumba lake ndi nambala ya GPS. Polemba gwiritsani pensulo, chifukwa inki imafufutika ikanyowa. Ndipo musanatole kalikonse, pezani chilolezo ku Dipatimenti ya Museums and Monuments, mudziwitsenso amfumu.

Chuma chenicheni chili pa mlomo wa mphika. Mapale a pamimba amangokuuzani za dongo ndi kawotchedwe, pomwe mlomo umaulula mtundu wa chiwiya. Wa Nkope umakhala wochindikala, wopindikira kunja, wokhala ndi mizere yocheka kapena timadontho todinda dongo likadali lonyowa. Mapale a Mawudzu, mtundu wina wa miphika umene unadza pambuyo pa Nkope, ngati amene katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba, likulu la Maravi, ndi opyapyala ndipo zokongoletsa zake n'zochepa. Mlomowo muugoneke chadodolido papepala lojambulidwa mabwalo a masentimita, muusunthe mpaka ugwirizane ndi bwalo limodzi, kuti mudziwe kukula kwa kukamwa kwa mphikawo. Kachidutswa kakachepa kwambiri kamanamiza, ndiye ndi bwino kungokasiya kosayeza.

Tsukani phale lililonse ndi mswachi wofewa, koma phale la mwaye kapena la zotsalira za chakudya musalikhudzitse madzi, poti zimenezo n'zimene zimakapimidwa. Yanikani pamthunzi kufikira liumiretu, apo ayi thumba lichita nkhungu.

Powerenga kuchuluka kwa mapale, muyezenso kulemera kwawo. Mtsuko umodzi ukhoza kusweka zidutswa 50, wina n'kuganiza kuti wapeza mudzi waukulu. Zaka zenizeni za malowo zimadziwika popima makala ofukulidwa pansi pamene khasu silinafikepo. Mapale apamwamba ntchito yake ndi kukulozerani pokumba.