Lipoti la Ulendo wa Gulu Lathu la Uphungu ku Dzaleka

Monga tinagwirizanira pa msonkhano wa komiti, gulu lathu linapita ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa, kukaphunzira kwa anzathu amene amathandiza anthu ovutika maganizo chifukwa cha zoopsa zimene anakumana nazo. Tinanyamuka mochedwa, ndipo amene anachedwetsa ulendo akudzidziwa okha.

Msasawu unakhazikitsidwa mu 1994 pamalo pamene kale panali ndende ya andale. Unakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Nyumba zake ndi zothithikana moti munthu akakuwa kutulo, oyandikana naye onse amadzuka.

Alangizi a kumeneko anatifotokozera zizindikiro za vuto la maganizo lobwera chifukwa cha zoopsa: kulota zoopsa mobwerezabwereza, kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, kupewa malo kapena anthu okumbutsa zakale, kupsa mtima msanga ndi kusowa tulo. Zimenezi zikapitirira mwezi n'kumalepheretsa munthu kugwira ntchito zake, amafunika thandizo la akatswiri. Ambiri safika n'kunena kuti maganizo awavuta, koma amadandaula mutu, chifuwa kapena mtima kuthamanga. Anatsindikanso kuti bala lakale limavuta kupola pamene thandizo la chakudya likuchepa, ndiponso malamulo salola munthu kukhala kapena kugwira ntchito momasuka kunja kwa msasa, monga zinaonekera mu 2023 pamene okhala m'matauni anabwezedwa ku Dzaleka.

Nkhani imene yakhala pakamwa pa aliyense ndi ya masana, titakhala ndi gulu la amayi osoka zovala. A Msungichuma athu, amene tonse tikudziwa kuti sasiya funso litagona, anapempha womasulira kuti afunse mayi wina wa ku Congo zimene anaona tsiku limene anathawa. Mayiyo anasiya kupalasa makina, anayang'ana pakhomo, ndipo zala zake zinayamba kupinda ndi kupindula m'mphepete mwa chitenje. Mlangizi analowererapo mwaulemu nati, "Bambo, amayiwa akafuna kunena adzanena okha. Afunseni za malaya akusokawa." Atafunsidwa za malayawo, mayi uja anayankha bwinobwino, mpaka anatiseka kuti sitidziwa kunenerera mtengo.

Mkangano unabuka mu minibasi pobwerera. A Msungichuma anaumirira kuti chithupsa sichipola osachiboola, ndipo kuti ife timaphunzitsa anthu kutulutsa zakukhosi. Amayi Wapampando anawayankha kuti, "Achimwene, munthu amatulutsa zakukhosi kwa amene adzamuonenso mawa. Inu mukanamva nkhaniyo n'kukwera minibasi, usiku akanakhala naye ndani?" Agogo athu a ku Ntcheu, amene anakhala moyandikana ndi anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, anaikira umboni kuti mnansi wawo wina analima nawo limodzi zaka zambiri asanatchule za abale amene anawasiya kwawo. Ine ndikuona kuti Amayi Wapampando ananena zoona, ngakhale kuti a Msungichuma anafunsa ndi mtima wabwino. Iwo sanagonje poyera, koma anakhala chete kuchokera pa Lumbadzi mpaka ku Lilongwe, chinthu chimene sichinachitikepo m'mbiri ya gulu lathu.

Tikuthokoza alangizi ndi womasulira amene anatilandira, amayi amene anatilola kukhala nawo, komanso adalaivala chifukwa cha kuleza mtima. Tikuthokozanso a Wachiwiri kwa Wapampando, amene analumbira kuti chapati si chakudya chokhutitsa mwamuna, koma anapezeka atakulunga zina m'chikwama kuti akapatse ana, ana amene tonse tikudziwa kuti ali pabanja. Komiti yagwirizana kuti pa msonkhano wotsatira tikonzenso mafunso amene timafunsa munthu tikakumana naye koyamba, ndipo ntchito yolemba mafunso atsopanowo yapatsidwa kwa a Msungichuma.