Bampala wanga ndi nkhuku ya mayi a Chisomo

Ka Sienta kanga ndinakakhulitsa pa chipilala cha geti pobwerera m'mbuyo, bampala n'kutsala ndi chilonda chotalika ngati mkono. Mkulu wina wowongola magalimoto pa boma pa Dedza atanditchulira mtengo, malovu anandiuma m'kamwa. Ndinati mumtima: kupopera penti n'chiyani kodi? Ine ndakulira ku Bembeke, mbatatesi ndayamba kupopera ndisanamere ndevu.

Ndinagula zitini ziwiri za penti wa siliva. Mnyamata wa m'sitolo atafunsa ngati ndikufunanso pulaima, penti woyambira wapansi, ndi kiliya, wonyezimiritsa wapamwamba, ndinamuuza kuti asandiphunzitse ntchito.

Linali Loweruka la mu June, kuzizira kwa kwathu kuno koti mano amaguguda okha, phiri la Dedza litabisala m'nkhungu. Ndinamasula bampala n'kumugoneka pa mipando iwiri kuseri kwa nyumba. Zitini zinali zitagona pakhonde, zozizira ngati Fanta wa mufiriji. Pachitini analembapo kuti ukhutchumule mphindi ziwiri. Ine ndinakhutchumula katatu, kampira ka m'kati kangoti khokhokho, basi ntchito iyambike.

Tsono mbatatesi umapopera mpaka tsamba linyowe bwinobwino. Ndi mmene ndinachitira, chitini chili pafupi ngati ndikunong'oneza bampalayo. Posakhalitsa penti anayamba kutsika misozi, ina mpaka kudonthera pa mpando wa alendo. Pofuna kubisa misoziyo ndinawonjezera penti wina, misozi n'kusanduka mitsinje. Mbali inayo ndinati ndachenjera, ndinaima patali ngati ndikuopa njoka. Pentiyo ankauma asanafike, n'kumagwa ngati mchenga. Pakati pokha m'pamene panatuluka tiziphuphu ngati khungu la nkhuku yososola. Bampala mmodzi, matenda atatu.

Ndili chiimire kudabwa, ndinangoona tinthu toyera tikutera ngati inswa. Kucheuka, mayi a Chisomo ali ndi lichero, akupeta mphale cha kumene kumachokera mphepo.

"Mayi a Chisomo, gagayu simukumuona?"

"Mphepoyo ndaituma ndine? Inu bwanji osakapentera ku galaja ngati anzanu?"

Ndisanayankhe, thadzi lawo lamawangamawanga linaona gaga pa bampala n'kuyesa phwando. Linadumphira pomwepo, kuyenda kuchokera uku mpaka uko likujompha. Ine ndi nzeru zanga ndinatenga chiguduli n'kupukuta. Zimene zinatsala pamenepo sindingazifotokoze pagulu.

Lolemba ndinamangirira bampala pa kabaza, mutu uli pansi, kubwerera kwa madala aja. Anamuyang'ana, kumusisita ndi chala, kenaka anaitana anyamata awo onse kuti adzaone.

"Achimwene, mumapenta kapena mumazira?"

Ataseka mokwana anandimvera chisoni. Anati ndisamukhudze sabata yathunthu, penti aume mpaka m'kati, chifukwa ukakhula akadali wofewa amangomatirira ku sandipepala ngati chingamu. Kenaka ndikhule ndi madzi, sandipepala wa 600 nditamukulunga pa kathabwa kosalala, osati ndi zala, poti zala zimakumba timigula. Pulaima uja ndinamukana ndikagule ndithu. Chitini ndichiviike m'madzi ofunda, osati kuchiwotcha pa mbaula pokhapokha ngati ndatopa ndi moyo. Ndidikire masana nkhungu itachoka, chifukwa chinyezi chimachititsa penti kuyera ngati wapakidwa phulusa, ndipo pansi ndiwazepo madzi fumbi lisadzuke. Chitini chikhale masentimita 25 kuchokera pa bampala, dzanja likuyenda osaima, penti wochepachepa katatu, kupumira mphindi 10 pakati. Siliva womaliza asakhulidwe, avale kaye kiliya. Kiliyayo akauma masiku angapo m'pamene umadutsapo sandipepala wa 1500, kenaka wa 2000, n'kupukuta ndi polishi.

Kukhulako ndiye kunali chilango. Madzi a ku Dedza mu June, zala zinachita kufa, ndipo mapazi a nkhuku aja anali ozama ngati inkalemba dzina. Masiku atatu ndili chogwada ndi beseni losambira ana. Tsiku lopopera ndinatsekera nkhuku zonse m'khola, lichero ndinalibisa pansi pa bedi.

Bampala anatuluka wosalala, wonyezimira, woti ungametere ndevu. Nditamumanga pa galimoto ndinabwerera m'mbuyo kuti ndidzitame, ndipo ndi pamene ndinaona kuti siliva wanga ndi wowala kuposa wa galimoto yonse. Kani siliva alipo wamitundumitundu, ndipo nambala ya penti wake inali pa kachikwangwani ka pamphuthu ya chitseko, kamene ndimakadutsa tsiku lililonse pokwera.

Mayi a Chisomo anawerengera zitini zisanu, sandipepala, kabaza ndi mpando wa alendo, n'kupeza kuti zaposa mtengo wa madala aja. Thadzi lija linayenda ndi miyendo yasiliva milungu itatu, ndipo mpaka lero ana a pamudzi pano amalitchula kuti Sienta.