Lipoti la magetsi a nyumba ya lendi ku England: mmene ndinayendera

Kuno ku England, ukangoika nyumba pa lendi, mawaya onse ali m'khoma, masoketi, maswitchi ndi bokosi la mafyuzi zimakhala pamutu pako iwe landilodi. Lamulo lake ndi la 2020. Linayamba pa 1 Julayi 2020 kwa anthu olowa kumene m'nyumba, ndipo pa 1 Epulo 2021 linafikiranso amene anali okhalamo kale. Limafuna kuti katswiri wa zamagetsi aziyendera nyumbayo zaka zisanu zisanadutse, n'kulemba lipoti lotchedwa Electrical Installation Condition Report, lomwe aliyense amangoti EICR. Nyumba yanga ili ku Leicester, ya zipinda zogona ziwiri, mwa zija zakale zogundana khoma ndi khoma mzere wonse. Lipoti lake loyamba litatsala pang'ono kutha ntchito, ndinayamba kufunafuna munthu.

Pamenepa anzathu ambiri amafuna kudulira njira, amati pali m'bale wa kutchalitchi amene amadziwa za mawaya. Mwina amadziwadi, koma khonsolo ikabwera imafunsa ngati wolemba lipotiyo ali woyenerera. Ine ndinayang'ana m'kaundula wa mabungwe olembetsa amagetsi, NICEIC ndi NAPIT, ndipo amene ndinamusankha ndinamufunsa zinthu ziwiri pafoni: ngati ali ndi pepala la kuyendera ndi kuyeza magetsi, komanso ngati ali ndi inshuwalansi. Ndinamuuziratunso kuti mtengo woyendera ukhale paokha, wokonza paokha. Munthu amene wakutchipitsira kwambiri poyendera nthawi zina amakabwezera pokonza.

Kenako alendi anga. M'nyumbamo mukukhala banja la ku Chipata, ndiye timalankhula chathu chomwechi. Lamulo silikulola kungotulukira ndi kiyi ngakhale nyumba ili yako. Uyenera kuwadziwitsa molemba kusanatsale maola 24. Ndinawalembera pa WhatsApp kuti, "Achimwene, wamagetsi akufuna kubwera Lachinayi m'mawa, ndipo adzathimitsa magetsi kwa maola angapo. Kodi inu kapena alamu mudzakhalapo?" Anayankha kuti alamu adzakhala atachoka kuntchito ya usiku, bola asawadzutse msanga. Tinakankhira masana. Mauthenga oterewa musamafufute. Alendi akamakana kutsegula chitseko, lamulo silimuwerengera landilodi mlandu ngati angasonyeze kuti anayesetsa, ndipo umboni wake ndi umenewu.

Tsikulo ndinapitako ndekha kuti ndione. Anayambira pa bokosi la mafyuzi pansi pa masitepe, n'kuthimitsa nyumba yonse. Anamasula masoketi ena apa ndi apo, kuyeza waya wa ethi (wothawitsira magetsi pansi pakachitika vuto), kuyeza ngati mphira wokuta mawaya ukadali wolimba, kenako n'kukwera kubafa. Kumeneko kuli switchi ya shawa yokoka ndi chingwe. Ataitsegula anandiitana. Pulasitiki ya mkati inali itachita bulauni, mphira wa waya umodzi utauma moti ataukhudza ndi sikuludiraiva unangoyoyoka. Kasikulu kogwira wayayo kanali katakhwefuka, ndiye nthawi iliyonse munthu akamasamba pamalopo pamatentha. Kunja switchiyo inali yoyera bwinobwino, shawa ikugwira ntchito, palibe amene anadandaulapo.

Chachiwiri chinali RCD, kachipangizo ka m'bokosi muja komwe kamadula magetsi kakangomva kuti ena akuthawira kwina, mwina kudzera m'thupi la munthu. Ka m'nyumba kamakhala ka mamiliampu 30 (30 mA), womwe ndi muyeso wa magetsi othawawo, ndipo poyeza kayenera kudula asanathe mamilisekondi 300. Kathu kanachedwa. Anayezanso, chimodzimodzi.

Lipoti linafika pa imelo, ndipo tsamba loyamba linali ndi liwu limodzi loti Unsatisfactory, kutanthauza kuti nyumba yalephera. Musathamangire kulipira zonse zimene zalembedwa. Yambani mwawerenga zizindikiro zomwe zili pambali pa vuto lililonse. C1 ndi ngozi yomwe ilipo kale, monga waya wamoyo uli poyera, ndipo wamagetsi sachoka asanapatchinge. C2 ndi chinthu chomwe chingadzetse ngozi, chofunika kukonza mwachangu. FI ndiye kuti pali chokayikitsa chofunika kuchifufuzanso mosazengereza. Zitatuzi n'zimene zimagwetsa nyumba. C3 ndi malangizo chabe akuti pakanakonzedwa pakanakhala bwino, ndipo nyumba imakhoza ngakhale ili nawo angapo. Kwa ine switchi ya shawa ndi RCD zinali C2. Bokosi lenilenilo analipatsa C3 chifukwa ndi la pulasitiki, pomwe kuyambira mu 2016 mabokosi atsopano a m'nyumba amayenera kukhala osayaka moto, makamaka achitsulo. Wamagetsi uja ankandikopa kuti tingosintha bokosi lonse. Sanali kunama kuti lachitsulo n'labwino, koma lamulo silinkandikakamiza, ndipo ndalama ya chaka chimenecho inali ndi kolowera. Ndinakonzetsa ziwiri zija, bokosi ndinaliika m'mapulani a mtsogolo.

Chomwe chimapweteka anthu ndi masiku 28. Ntchito yokonza iyenera kutha m'masiku 28, kapena ocheperapo ngati lipoti latero, ndipo kuwerenga kumayambira tsiku loyendera, osati tsiku limene lipoti lakupeza. Wamagetsi akachedwa nalo sabata, sabata imeneyo yadyedwa kwa iwe. N'chifukwa chake tsiku lokonza ndinapangana naye tili chiimire m'nyumbamo, lipoti lisanalembedwe n'komwe. M'masiku 28 omwewo alendi ayenera kulandira kope ya lipotilo, ngakhale likhale lochititsa manyazi. Mlendi watsopano amalandira asanalowe, ndipo khonsolo ikalipempha uli ndi masiku 7 okha.

Atamaliza kukonza sindinafunikenso kulipira EICR yachiwiri. Chofunika ndi umboni wolembedwa ndi wamagetsiyo wonena kuti zolakwika zija zakonzedwa. Kwa ine linali kapepala ka ntchito zing'onozing'ono komwe amati Minor Works Certificate. Umboniwu pamodzi ndi lipoti lija zimapita kwa alendi komanso ku khonsolo m'masiku 28 kuchokera pamene ntchito yathera. Gawo la ku khonsololi ambiri amaliiwala poganiza kuti poti khonsoloyo sinafunse ndiye basi. Koma nyumba ikalephera n'kukonzedwa, umatumiza wekha osadikira kufunsidwa. Ukanyozera, khonsolo ili ndi mphamvu yotumiza munthu wake kukakonza n'kukulipiritsa, ndipo palinso chindapusa, chomwe pamene malamulowa ankayamba mu 2020 chinkafika £30,000.

EICR imangoona zomangidwira m'nyumba. Firiji ndi makina ochapira zimene ndinawaikira ine sizilowamo, koma poti ndi zanga, ndinapempha wamagetsi yemweyo kuti aziyezeretu tsiku lokonza lija. Za alendi ndi zawo, ngakhale sindinachite kudziletsa nditaona hita itabayidwa pa ekisitenshoni yomwe inanyamulanso TV ndi ayironi. Ndinawauza alamu kuti ekisitenshoni yonseyo imangopirira ma ampu 13, ndipo hita yokha imatha kudya pafupifupi onsewo, choncho izipita kukhoma payokha. Ndinawasonyezanso kabatani ka T pa RCD yatsopano, koti azikadina pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse; magetsi akapanda kuzima andiimbire tsiku lomwelo.

Pomaliza onani tsiku limene wamagetsi walemba kuti nyumba idzayenderedwenso. Zaka zisanu ndi malire chabe. Akaona kuti mawaya akalamba atha kulemba zitatu, ndipo lamulo limatsatira chimene iye walemba. Kwanga analemba zisanu, ndipo kope ya lipotili ndiyenera kuisunga kuti ndidzapatse amene adzayendere ulendo wotsatira.